Kodi Amene Walipira Wagula Chiyani?



M'magulu athu a maphunziro muli anthu a ntchito zosiyanasiyana, ndipo ena mwa ife, kapena ana athu amene tinawaphunzitsa movutikira, amapeza chakudya chawo pa ntchito yosamalira chilengedwe. Alipo alangizi a zankhalango, alipo oyeza madzi m'malabotale, alipo oyendera mafakitale, aliponso akatswiri amene makampani amawalemba ntchito kuti akafufuze ngati msewu, mgodi kapena damu limene likufuna kumangidwa lidzawononge malo ndi miyoyo ya anthu. Phunziro la lero likuwakhudza anzathuwa mwachindunji. Komabe ife ogulitsa tomato ndi ife ophunzitsa ana tisaganize kuti lero tapuma, pakuti madzi amene iwo amayeza ndi omwe ife timamwa, ndipo funso limene amakumana nalo limafika pakhomo pa aliyense wolandira malipiro. Munthu akatilipira, wagula chiyani kwa ife? Nanga n'chiyani chimene sangagule ngakhale atawonjezera ndalama?

Tiyambe ndi malipirowo, chifukwa pali maganizo ena amene amaoneka ngati auzimu koma si a Chipembedzo chathu. Ena amati munthu wokondadi chilengedwe asamaganizire za ndalama, azingodzipereka. Bahá'u'lláh sanaphunzitse zimenezo. M'buku la Kitáb-i-Aqdas analamula aliyense kuti akhale ndi ntchito, luso kapena malonda, ndipo anakweza ntchito yotere kukhala pa mlingo wa kupembedza Mulungu. Analetsa ulesi ndi kupemphapempha. Nayenso 'Abdu'l-Bahá, m'buku limene analemba mu 1875 lonena za chinsinsi cha chitukuko chochokera kwa Mulungu, anayamikira chuma chimene munthu wachipeza ndi khama lake ndi kuchigwiritsa ntchito pothandiza anthu. Choncho katswiri amene wayenda m'matope sabata zitatu akuyeza madzi a m'dambo ali ndi ufulu wonse wolemba mtengo wa ntchito yake, ndipo asachite nawo manyazi. Mlonda wa nkhalango amene amagona kuphiri ayenera kulandira malipiro okwanira lendi, ufa ndi fizi, pa nthawi yake. Dziko limene limapatsa munthu udindo wolondera mitengo ya mtengo wapatali koma n'kumamulipira mochepa ndi mochedwa, ladzikumbira lokha dzenje, ndipo lisadabwe likagweramo.

Vuto silili pa kulandira ndalama. Lili pa chimene chikugulitsidwa.

Tione mmene ntchito imodzi mwa ntchitozi imayendera kuno kwathu. Kuyambira mu 1996, pamene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyang'anira chilengedwe, ntchito zikuluzikulu za chitukuko siziyenera kuyamba pasanachitike kafukufuku woona mmene zidzakhudzire malo ndi anthu. Lamulo latsopano la 2017 linalimbitsa zimenezi ndipo linakhazikitsa bungwe la MEPA, limene limaunika malipoti a kafukufukuyu lisanapereke chilolezo. Akatswiri amautchula kafukufukuyu mwachidule kuti ESIA. Tsono amene amasankha ndi kulipira katswiri wochita kafukufuku ndi mwini ntchito yemweyo, amene akufuna chilolezo. Dongosolo limeneli si la Malawi yekha, lili m'mayiko ambiri, ndipo lili ndi chifukwa chake chomveka: amene adzadye phindu la mgodi ndiye alipire zofufuza, osati mlimi wa ku Ntchisi kudzera m'misonkho yake. Koma taonani mfundo imene yamangika apa. Katswiri watumidwa kukaona choonadi m'malo mwa anthu onse, pamene cheke chake chikuchokera kwa munthu mmodzi amene akufuna yankho limodzi lokha. Ndipo katswiriyo akudziwa kuti eni ntchito amauzana. Amene malipoti ake amadutsa msanga amaitanidwanso. Amene amapeza zovuta amatchuka kuti ndi wovuta.

Si kawirikawiri kuti mwini ntchito anene poyera kuti, lembani bodza. Bodza la pa ntchito imeneyi limabwera mwaulemu, litavala taye. Tiyerekeze fakitale imene ikufuna kukuza ntchito zake m'mbali mwa mtsinje. Katswiri akhoza kutunga madzi oyeza kumtunda kwa paipi yotayira zonyansa m'malo mwa kumunsi kwake, ndipo nambala iliyonse imene adzalembe idzakhala yoona. Akhoza kuyeza mu Febuluwale, mtsinje utadzaza ndipo zoipa zonse zitasungunuka m'madzi ambiri, osabwereranso mu Okutobala pamene mtsinje umatsala kamkwasa ndipo amayi a kumunsi amathirira madimba awo ndi madzi omwewo. Akhoza kutenga lipoti lakale la ntchito ina, n'kusinthamo mayina a midzi. Lamulo limafuna kuti anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo, ndiye akhoza kuitanitsa msonkhano umodzi pabwalo la amfumu, n'kugawa zakumwa ndi kangachepe ka mayendedwe, n'kusayinitsa mayina, osafotokozera anthuwo m'chinenero chawo kuti chitsime chawo chikhoza kuuma. Akhozanso kulemba ndondomeko yokongola yochepetsera chiwonongeko, akudziwa bwino kuti palibe tambala imene yaikidwa pambali kuti ndondomekoyo itsatidwe. M'zonsezi mulibe chiganizo chimodzi chimene khoti lingachigwire kuti ndi chabodza, koma lipoti lonselo lanama.

Makolo athu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Katswiri wa chilengedwe ndi kandimverere wa anthu amene sangathe kupita okha kukamva: agogo a kumunsi kwa mtsinje amene sadziwa kuwerenga zotsatira za ku labotale, asodzi amene sanaitanidwe ku msonkhano, ndi ana amene sanabadwe. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 13, amawatchula ana osabadwawa, ponena kuti chilengedwe chisamalidwe mozindikira ufulu wa mibadwo ya m'tsogolo. Anthu amenewa sanasayine kontirakiti, sadzalipira kalikonse, koma ndiwo eni ake enieni a zimene katswiri waona. Mwini fakitale wagula nthawi ya katswiri, luso lake, mafuta a galimoto yake ndi thukuta lake. Zimenezi n'zogulitsa ndithu. Koma zimene maso a katswiriyo aona pamtsinje si zake kuti agulitse. Anangomusungitsa. Akazigulitsa, wagulitsa katundu wa eni.

Apa ndi pamene chiphunzitso cha kukhulupirika chimaleka kukhala mawu oloweza pa kalasi ya ana. Mu Kalata ya Tarázát, Bahá'u'lláh anaika kukhulupirika ngati khomo lolowera ku bata ndi chitetezo cha anthu, ndipo anaphunzitsa kuti kukhazikika kwa zochita zonse kumadalira khalidwe limeneli. Tiganizire tanthauzo lake pa nkhani yathuyi. Ofesala wa boma amene akuwerenga lipoti ku Lilongwe sangapite kukayeza yekha mtsinje uliwonse. Banki imene ikubwereketsa ndalama siingapite. Amfumu alibe zida. Onsewa atsamira pa siginecha ya munthu mmodzi. Siginechayo ikakhala yowola, lamulo labwino la 2017, bungwe, zidindo ndi misonkhano zonse zimasanduka denga lokhala pa mzati wodyedwa ndi chiswe. 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti kunena zoona ndiye maziko a makhalidwe onse abwino, ndipo m'Mawu Obisika timaphunzira kuti chilungamo chimathandiza munthu kuona ndi maso ake, osati ndi maso a ena. Kwa katswiri, maso a enawo nthawi zambiri amakhala a amene akulipira. Tisanapitirire, tiime pang'ono ndi kufunsana: pa ntchito zathu ife, ndani amene watsamira pa mawu athu chifukwa alibe njira yoonera yekha?

Tsopano wina anena kuti, zonsezi n'zabwino, koma dziko ndi losauka, likufunika mafakitale, misewu ndi ntchito za achinyamata, ndipo khalidwe labwino siliphika nsima. Maganizo amenewa amaika chikhalidwe mbali ina, chuma mbali ina, ngati kuti tiyenera kusankhapo chimodzi. Ife tikuona kuti kugawa kotereku n'kolakwika ngakhale pa masamu a chuma penipenipo. Mtengo wa chiwonongeko suzimirira chifukwa choti sunalembedwe m'lipoti. Umangosamuka, n'kukagwera wina.

Mtsinje wa Shire ndi mboni. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje umenewu, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mitengo ikatha m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje imene imathira mu Shire, mvula imakokolola dothi, dothilo limakadzaza m'madamu a magetsi, ndipo pamafunika ndalama zambiri chaka ndi chaka kuti matope ndi zomera za m'madzi zichotsedwe. Madzi ambiri akumwa a mzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire momwemo, pa Walker's Ferry, ndipo madzi amatope ndi odula kuwayeretsa. Amene anadula mitengo analandira zake kalekale. Amene akulipira lero ndi wometa tsitsi ku Ndirande amene wakhala tsiku lonse opanda magetsi, ndi mayi amene bilu yake ya madzi yakwera. Ku Lilongwe nkhani ndi yomweyo: mtsinje umene umadzaza madamu a Kamuzu umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo makala atafika poopseza madzi a likulu, boma linachita kutumizako asilikali mu 2015. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Mvula ija inali yoopsa mwa iyo yokha, ndipo sitikuloza chala munthu. Koma tonse tinaona kuti phiri lopanda mitengo, lokhala ndi nyumba m'malo otsetsereka, limalipiritsa ngongole yake tsiku limodzi, ndipo limalipiritsa osauka.

Choncho katswiri amene walemba zoona sanadane ndi chuma. Iye ndiye wawerengera chuma chonse, pamene ena awerengera thumba limodzi. Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse, m'kalata yake ya pa 1 Malichi 2017 yonena za moyo wa zachuma, inatikumbutsa kuti ubwino wa gulu lililonse la anthu ndi wolumikizana ndi ubwino wa onse, ndiponso kuti chosankha chilichonse chimene timapanga, kaya ngati olemba ntchito kapena olembedwa, opanga katundu kapena ogula, chimasiya chizindikiro. Zaka zambiri m'mbuyomo, mu 1933, kalata yolembedwa m'malo mwa Mtetezi Shoghi Effendi inafotokoza kuti mtima wa munthu ndi dziko lomuzungulira sizingalekanitsidwe, pakuti chimodzi chimaumba chinzake. Mtsinje wakuda umayamba ndi chosankha cha mumtima, ndipo anthu akazolowera kukhala m'mbali mwa mtsinje wakuda, mitima yawo imaphunziranso kuti palibe amene amasamala.

Tisapeputse nkhawa ya ntchito za anthu. Pamene boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, makampani opanga mapulasitiki anathamangira ku khoti, ndipo chimodzi mwa zimene ankanena chinali choti antchito awo adzasowa pogwira. Khoti la Supreme linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalepo, komabe milandu inapitirira zaka zina pambuyo pake. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, mmodzi mwa amene analimbikira nkhaniyi, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Wantchito wa m'fakitale ya majumbo ndi munthu weniweni, ali ndi ana. Mlimi amene mbuzi yake yafa itameza jumbo nayenso ndi munthu weniweni, ndi amene nyumba yake yalowa madzi chifukwa ngalande yatsekeka. Kusiyana kwake n'koti woyambayo ali pa mndandanda wa malipiro, amawerengeka, ndipo pali maloya omulankhulira, pamene enawo amwazikana m'midzi ndi m'makwalala, aliyense ndi kachisoni kake. Ntchito ya katswiri woona mtima ndi kuwaika onsewa pa sikelo imodzi. Kugamula si kwake, n'kwa boma ndi makhoti. Kwake n'kuonetsetsa kuti ogamulawo asagamule ali m'chimbulimbuli.

Pali mbali ina imene okonda chilengedwe sakonda kuimva. Kukhulupirika sikutanthauza kukana chitukuko chilichonse. Katswiri amene akukokomeza ngozi kuti atchuke, kapena kuti aopseze mwini ntchito mpaka amupatse kenakake, wanama chimodzimodzi ndi uja wobisa. Msewu ukakhala kuti ungamangidwe bwino popanda kuwononga dambo, anene choncho momveka, ndipo athandize kupeza njira yake. Ndiponso si makampani okha amene amalipira. Mabungwe othandiza nawonso amalipira, ndipo nawonso ali ndi mayankho amene amakonda kumva. Chaka chilichonse, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, timakhala m'nyengo yodzala mitengo, ndipo timamva ziwerengero zazikulu za mbande zimene zadzalidwa. Mlangizi amene akulemba lipoti lopita kwa opereka thandizo amadziwa kuti nambala ya mbande zodzalidwa imakondweretsa, pamene nambala ya mitengo imene yapulumuka chilimwe, mbuzi ndi moto wolusa ikhoza kutseketsa pulojekiti imene iye amadyerapo. Akalemba yoyamba yokha n'kusiya yachiwiri, palibe amene wamupatsa chiphuphu, ndipo cholinga chake chikhoza kukhala chabwino. Komabe wabisa chinthu chimodzi chimene chikanathandiza kuti chaka chamawa zinthu zichitike mwanzeru. Cholinga chabwino sichiyeretsa nambala yonama.

Tibwere kwa mlonda wa nkhalango ndi ofesala wa pamsewu, chifukwa kwa iwo mayesero sabwera ndi taye. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna kuti wootcha makala ogulitsa akhale ndi chiphaso, koma makala ambiri amene amafika m'mizinda alibe chiphaso chilichonse. Ofesala waima pamsewu. Kukubwera bambo wopalasa njinga, matumba atatu kumbuyo, wanyamuka usiku, nsapato zinatha. Pambuyo pake kukubwera lole yodzaza, yofunditsidwa lona, ndipo dalaivala ali ndi nambala ya foni ya munthu wina wamkulu ndi envulopu ya zakumwa. N'chapafupi kulanda matumba a wanjinga n'kulemba m'buku kuti ntchito yagwirika, lole ija itadutsa. Chilungamo chimene Bahá'u'lláh amatiitanira sichilola zimenezo. Sitikunena kuti wanjinga sanalakwire lamulo, ndipo ife Abahá'í timalamulidwa kumvera malamulo a boma. Tikunena kuti lamulo limene limaluma wofooka yekha lasanduka chida cha wamphamvu. M'buku lija la 1875, 'Abdu'l-Bahá anadzudzula ziphuphu za m'maofesi a dziko la Persia, ndipo anaona kuti anthu ankazipatsa mayina okoma onga mphatso. Ifenso tili nawo mayina athu: ya fanta, ya mafuta, kangachepe, kuthokoza. Pali ngakhale mwambi umene anthu amaukhotetsa kuti udziwikire kumbuyo, woti mbuzi imadya pamene aimangirira. Koma mlonda sanamangiriridwe pankhalango kuti adye nkhalangoyo.

Zotsatira zake tinaziona pa phiri la Mulanje. Mkungudza wa kumeneko, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi, unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Unali wotetezedwa ndi lamulo, m'nkhalango yotetezedwa. Koma pofika mu 2017, kafukufuku anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha imene inatsala. Matabwa a mkungudza ndi olemera, amatsika phiri pamutu pa munthu, ndipo fungo lake silibisika. Sanauluke. Anadutsa pamaso pa anthu ambiri, ndipo aliyense mwina ankati gawo lake ndi laling'ono. Lero pali khama lalikulu lodzalanso mbande zake, koma amene akudzala sadzauona mkungudza utakula ngati umene unadulidwa.

Tsono tifike pa mawu amene amagwetsa ambiri: ndikakana ine, atenga wina, ndipo mtsinje udzawonongekabe, kungoti ana anga adzagona ndi njala. Mawu amenewa tisawayankhe mopepuka. Nthawi zina ndi oona. Katswiri amene wakana kusintha zotsatira akhoza kutaya kontirakiti, ndipo sitingamulonjeze kuti Lolemba likudzali kudzabwera ina. Zolembedwa Zoyera sizinatilonjeze kuti kukhulupirika kudzatilemeretsa mwezi uno. N'zoona kuti pakapita nthawi dzina la munthu wosagulika limakhala chuma, ndipo alipo eni ntchito ndi mabanki amene amafunadi kudziwa zoona chifukwa anaona kuti vuto lobisidwa poyamba limadula kwambiri pambuyo. Koma tikamanga khalidwe lathu pa chiyembekezo chimenecho chokha, tsiku limene masamu adzaonetse kuti bodza likulipira bwino tidzagwa. Chifukwa chathu n'chakuya kuposa pamenepo. Ngati ntchito ndi kupembedza, ndiye kuti lipoti ndi chinthu chimene tikuika pamaso pa Mulungu. Munthu sangaime masana kunena pemphero lokakamizidwa, kuchitira umboni kuti analengedwa kuti adziwe ndi kupembedza Mulungu, kenako tsiku lomwelo n'kusayina umboni wonama pa za madzi amene ana a anzake adzamwe, n'kumati izi ndi zauzimu, izo ndi za bizinesi. Za wina amene adzatenge ntchitoyo, adzayankha yekha. Ife tidzafunsidwa za siginecha yathu.

Kukana kulinso ndi kachitidwe kake. Katswiri wa Chibahá'í sathamangira kukanyoza mwini ntchito pa Facebook, ndipo sasandutsa nkhani ya mtsinje kukhala chida cha chipani. Amayamba ndi kukambirana ndi mwini ntchitoyo moona mtima ndi mwaulemu: izi ndi zimene tapeza, kuzikonza kudzadya ndalama zakuti, kuzibisa kudzadya zochuluka, ndipo ine sindingazichotse m'lipoti. Nzeru ina ndi kunena zimenezi ntchito isanayambe, ndi kuzilemba m'kontirakiti, kuti malipiro asadalire ngati chilolezo chatuluka kapena ayi. Eni ntchito ambiri si anthu oipa, ndi anthu othamangitsidwa ndi ngongole ndi nthawi, ndipo ena amamva akauzidwa bwino. Zikakanika, ndipo miyoyo ya anthu ili pangozi, pali njira zimene lamulo linaika zodziwitsira oyenera. Ena mwa ife amaopa kuti kuchita zimenezi ndi miseche, imene Bahá'u'lláh analetsa mwamphamvu. Koma miseche ndi kukamba zolakwa za munthu kumbali, kwa anthu amene sangakonze kanthu, kuti timuchepetse. Kupereka umboni woona kwa amene ali ndi udindo wokonza, pa nkhani imene tinatumidwa kukaiona, ndi ntchito imene tinalembedwera.

Si ife oyamba m'Chipembedzo chathu kukhala pa ntchito zotere. Richard St. Barbe Baker, Mngelezi wophunzira zankhalango, anapita ku Kenya mu 1920 ngati wantchito wa boma la atsamunda. Malipiro ake ankachokera ku boma limenelo, koma ataona mmene nkhalango zinkathera sanakhutire ndi kulemba malipoti okha. Mu 1922, pamodzi ndi mfumu Josiah Njonjo, anayambitsa gulu la Watu wa Miti pakati pa Akikuyu, anthu odzipereka kudzala ndi kuteteza mitengo. Pambuyo pake analowa Chipembedzo cha Bahá'í, ndipo gululi litafika ku Palestine mu 1929, Shoghi Effendi anakhala membala wake woyamba wa moyo wonse. Baker anali munthu wa nthawi yake, ndipo sitikumuika ngati wopanda chilema. Chimene tikutengapo n'choti anawerenga anthu okhala m'mbali mwa nkhalango ngati eni ake a ntchitoyo, ngakhale sanali iwo omulipira.

Pomaliza pa gawo lino pali nkhani imene ikutikhudza ife amene tazungulira pano, ngakhale sitinagwirepo botolo loyezera madzi. Timakonda kuyamikira munthu wokhulupirika ali kutali. Akakhala mwana wathu kapena mlamu wathu, timamufunsa kuti, anzako amene unayamba nawo ntchito anamanga kale nyumba za malata achikuda, iwe ukudikira chiyani? Wachibale akalembedwa ntchito ku zankhalango timati tsopano tili pabwino, ndipo timatuma mwana kukapempha thumba la makala olandidwa. Pa maliro ndi pa ukwati timamuikira msonkho woposa malipiro ake, osafunsa kuti aipeza kuti. Envulopu imene iye walandira pamsewu, nthawi zina ndife amene tinaitumiza osadziwa. Ndipo makala amene tinaphikira tiyi pa Phwando la Masiku 19 lapitali, tinafunsa kuti anachokera kuti? Ambiri mwa ife sitingathe kusiya makala mawa, magetsi ndi gasi sizinafike kwa onse. Koma tingathe kufunafuna makala a chiphaso kumene amapezeka, kugwiritsa mbaula zosatha nkhuni zambiri, ndi kudzala mitengo imene tidzaiwerenge ikatha chaka, osati tsiku lodzala lokha. Bwenzi lathu likataya ntchito chifukwa chokana kunama, Bungwe Lauzimu ndi gulu lino tisangomuuza kuti tikumupempherera. Tikhale naye pansi, tikambirane za fizi ya ana ake, timufunire maganyu, tiuze ena za luso lake. Munthu amalimba mtima kukana akadziwa kuti akagwa pali manja.

Tsopano titenge nkhani iyi yongoyerekeza, tiikambirane awiriawiri, kenako tibweretse maganizo athu ku gulu lonse. Mtsikana wina wa m'dera lathu wamaliza maphunziro a zachilengedwe ndipo wapeza ntchito yake yoyamba, patatha zaka ziwiri akufunafuna, pa kampani ina yochita kafukufuku. Ndiye akulipirira fizi alongo ake awiri. Watumidwa kukayeza madzi a m'zitsime pafupi ndi malo amene pakufuna kukulitsidwa mgodi wa miyala, ndipo zitsime ziwiri mwa zisanu zaonetsa zotsatira zoipa. Abwana ake, munthu amene wamuchitira zabwino zambiri, amuuza modekha kuti zitsime ziwirizo mwina zinayezedwa molakwika, azichotse m'lipoti, ndipo palibe ndalama kapena nthawi yobwererako chifukwa lipoti likufunika Lachisanu. Dzina lake silidzaoneka pa lipotilo, adzasayine ndi abwanawo. Wabwera kwa ife Lachitatu madzulo. Kodi ayambe ndi mawu otani akalowa mu ofesi ya abwana ake mawa m'mawa? Abwanawo akakana, achite chiyani Lachisanu lisanafike? Ndipo ife, amene tamupatsa malangizowo, tikulonjeza kumuchitira chiyani ngati mwezi wamawa adzakhala alibe ntchito?